Lisiti la Piyano Linada Bii

Ine ndine mphunzitsi wopuma wa kuno ku Chintheche, ndipo sinditaya pepala. Ngakhale kalata yondilemba ntchito ndidakali nayo. Mayi akunyumba atayamba kuvutika miyendo n'kusiya kufika kutchalitchi, ndinapita ku Mzuzu kukawagulira piyano yamagetsi kuti aziimba nyimbo za Mulungu pakhomo. Ndinayesa batani lililonse m'sitolomo, ndipo wogulitsa analonjeza kuti ikawonongeka chaka chisanathe adzandisinthira, bola ndibwere ndi lisiti.

Poopa chinyezi cha kunyanja kuno, ndinakamatitsa lisitilo m'pulasitiki pa makina otentha aja. Linatuluka lakuda bii, osaoneka chilembo ngakhale chimodzi.

Patatha miyezi iwiri, mabatani atatu anasiya kulira. Nditabwerera nayo, wogulitsa yemwe uja anaseka.

"Madala, limeneli ndi lisiti kapena khala? Ine sindikukudziwani."

Kundikana ine, amene ndinatha naye m'mawa wonse tikuyesa piyanoyo. Ndinabwerako nayo pa minibasi nditaisanjika pamiyendo, mtima ukuwawa.

Omvera anzanga, lisiti muziyamba mwalichititsa fotokope musanalimatitse. Lero mayi akafika pa mabatani akufawo amawadumpha n'kumalizitsa ndi pakamwa, ine n'kutuluka panja.