Ndolo za Aperekezi a Faith

— Halo?

— Halo, Sheila? Ndine Anastazia.

— Ii, asisi, nambala yanu ndili nayo, mukudzitchuliranji dzina? Mwaswera bwanji?

— Ndaswera, kaya iwe. Ndimati mwina unaifufuta, poti masiku ano watchuka.

— Mwayamba kale. Ine ndili bwino. Alamu ali bwanji?

— Ali bwino, apita ku boma. Nanga amuna ako a Vitus?

— Ali kudimba. Chifuwa cha mwana wanu Limbani chija chinatha?

— Chinatha. Ku Kachebere mvula yagwa?

— Yangowaza dzulo. Kumeneko?

— Fumbi lokhalokha. Ukumveka patali, Sheila.

— Dikirani ndituluke panja. Netiweki ya kuno imalimbana ndi ya ku Zambia. Pano bwanji?

— Eya, tsopano ndikukumva. Ndinakuonatu tsiku la msika kuno ku Kamwendo.

— Munandiona koma osandiitana?

— Ndikanadutsa pati? Azimayi anali atakuunjirira ngati ukugawa makuponi. Ine tebulo langa la ndolo linakhala pakhonde la saluni tsiku lonse, anagula anthu awiri basi.

— Linali tsiku lamwayi chabe.

— Mwayi wanji wobwera sabata iliyonse? Dongo ndi lomwelo la m'mapaketi lomwe tonse timaoda ku Chipata. Kukanda ndinakuphunzitsa ndine, kudula, kuboola, kuwotcha mu uvuni. Unakhala pakhomo panga zaka ziwiri, unabwera usakudziwa n'komwe kuti kuli dongo la pulasitiki.

— Sindinakanepo zimenezo. Aliyense wondifunsa ndimamuuza kuti anandiphunzitsa ndi asisi anga a ku Kamwendo.

— Amva zimenezo, kenako agula zako.

— Asisi, mwandiimbira kuti mundikalipire?

— Ayi. Ndimangokupatsa moni.

— Chabwino, zikomo.

— Ndolo zako za masamba obiriwira zija... unagulitsa peyala imodzi kwa mayi wa duku lofiira.

— Ndawakumbuka. Sananenerere n'komwe.

— Ndinawatuma ndine.

— Inu? Mukanangonena, ndikanakupatsani ulere.

— Ndikanayamba bwanji? Ndakhala ndikuziyang'ana padzuwa, kuzitembenuza uku ndi uku. Palibe chidindo cha chala, palibe kaubweya, palibe kokala. Zanga ndikamachotsa mu uvuni zala zanga zonse zimakhala zikuoneka, apolisi akhoza kundigwira nazo.

— Kodi vuto ndi limeneli? Si nkhani yaikulu...

— Usandidule. Ukumudziwa Faith, nesi uja amadzaluka tsitsi kuno? Ukwati wake ndi Loweruka lino. Anandiuza kuti ndipange ndolo za aperekezi ndi asungwana ovina, mapeyala 24, zamtundu wa pichesi.

— Ndinamva.

— Unamva kwa ndani?

— Pitirizani kaye, asisi.

— Ndinapanga, ndinawotcha. Nditaziika pambali pa zako zija, zanga zinaoneka ngati zotola. Ndiye ndinati ndadziwa chinsinsi chake, mwanayu amapaka kyutekisi wopanda mtundu uja. Wadzaza m'saluni muno. Ndinapaka zonse.

— Mayo. Zonse?

— Zonse, kawirikawiri. Tsiku loyamba zimawala mpaka ndinavina ndekha. Pano patha masiku asanu chipakireni, ndikazigwira zikumata m'manja. Fumbi la mumsewu lakakamira, ngakhale tsitsi la makasitomala.

— Kyutekisi sagwirizana ndi dongo limenelo, asisi. Sauma bwino, amayamba kulisungunula pamwamba. Ine sindipaka kanthu kalikonse.

— Usandinamize. Nanga kuwala kuja?

— Ndi manja basi. Ndisanawotche ndimanyowetsa kathonje ndi sipiriti, n'kupukuta pang'onopang'ono. Zidindo za zala zimafufutika, tiubweya timachoka. Zikapsa n'kuzizira, ndimazikwecha ndi sandipepa m'beseni la madzi.

— Sandipepa? Ya akalipentala? Ine ndinayesapo kale, inangokalakala.

— Osati ya matabwa. Ya openta magalimoto, yakuda ija, yosasuluka m'madzi. Mumayamba ndi nambala 400, kenako 800, kumalizira 1200. Mukatero mumazitikita pa jinzi yakale mpaka ziwale zokha.

— Anakuuza ndani zimenezi?

— Palibe. Tsiku lina ndikudikira minibasi ndinaona a Zakeyu, openta magalimoto aja, akukwecha chitseko ndi madzi. Ndinawapempha tizidutswa totha ntchito, n'kukayesa kunyumba.

— A Zakeyu omwewa? Galaja yawo ndikuiona pano ndili pakhonde. Zaka zisanu ndi ziwiri ndakhala ndikusesa madzi awo akuda akamayenderera kubwera kuno. Iwe kungoima mphindi khumi, waona kale.

— Mumakhala otanganidwa ndi mitu ya anthu...

— Usandipepese. Ndipo bwanji sunandiuze?

— Ndinayesa. Pa Khirisimasi ndinati asisi, ndapeza njira yosalazira, inu munati mwana sangakuphunzitseni ntchito yomwe munabwera nayo m'boma lino ndinu.

— Ndinatero?

— Pamaso pa alamu.

— Hm. Halo? Ulipo?

— Ndilipo. Mayunitsi alipo okwanira? Kapena ndikuimbireni ine?

— Alipo. Sindinafike poimbiridwa ndi iwe. Tandiuza, zingakonzeke?

— Zingakonzeke. Tengani rimuva pa thonje, mupukute kyutekisiyo mwachangu, n'kutsuka ndi madzi a sopo nthawi yomweyo. Musaziviike mu rimuvamo, zingadyeke. Zikauma ndiye kukwecha. Koma mapeyala 24 ndi ndolo 48, iliyonse mapepala atatu. Lero ndi Lachitatu. Nokha simumaliza, zala zidzatupa.

— Ndimaliza.

— Ndibwere mawa ndi minibasi yoyamba? Mapepala ndili nawo.

— Kuti azimayi a m'saluni muno akuone ukukonza zomwe ndaononga ine? Pofika madzulo Kamwendo yense adzakhala atadziwa.

— Tikhala kuseri, palibe ationa.

— Sunandiyankhe paja. Za ukwati wa Faith unamva kwa ndani?

— Kwa iye mwini. Anandiimbira Lolemba.

— Akufuna kundilanda odayo?

— Ayi, za aperekezi akuti ndi zanu, sanasinthe. Zomatazi sakuzidziwa n'komwe.

— Nanga amafuna chiyani?

— Akufuna ndimupangire zake. Zovala iyeyo, mkwatibwi. Zoyera, zokhala ngati maluwa.

— Ine anandiuza kuti zake akagula ku Lilongwe, zagolide.

— Akuti anasintha maganizo ataona zanga pamsika.

— Ndamuluka tsitsi zaka zitatu mtsikana ameneyu. Pansi pa galasi langa pomwe pano ndi pomwe anandiuza kuti wapeza mwamuna. Ndiye ine ndiveke akumbuyo, iwe uveke wakutsogolo.

— Sindinavomere, asisi. Ndinamuuza kuti ndimuyankha Lachinayi. Ndimafuna ndimve kaye kwa inu, koma ndimaopa kuimba. Mukati ndikane, ndikana.

— Ukakana akagula zagolide zija, sadzabweranso kwa ine. Akudziwa zomwe anaona.

— Ndikhoza kupanga ine, inu n'kukamupatsa ngati zanu.

— Iyayi. Zimenezo ndiye zonyoza kwambiri. Angadziwe, ndipo ine ndikhala ndikudziwa.

— Ndiye nditani?

— Sheila, ndikuuze zoona. Ndikukuchitira nsanje. Kuyambira tsiku la msika lija sindikudya bwino. Ndimati ndikaona tebulo lako mtima umandiwawa, kenako ndimadzida ndekha poti ndiwe mwana wa mayi anga aang'ono. Ndimafuna ndikuimbire ndipeze kuti unabera penapake, kapena pali amene amakupangira. Ndapeza kuti wangondiposa basi.

— Musatero, asisi. Maluwa ajatu ndi kapangidwe kanu, ine ndimangosalaza...

— Usandinyengerere, ndine munthu wamkulu. Muimbire Faith, umuuze kuti wavomera.

— Mukunena zoona?

— Ndanena. Ndipo mawa ubwere ndi mapepala akowo. Aperekeziwo akaima pambali pa mkwatibwi, sindikufuna anthu azitha kuloza kuti izi ndi za Sheila, izi ndi za Anastazia.

— Ndifika seveni isanakwane. Ndidzalowere kuseri?

— Udzalowere kumaso. Adziwe adziwe, ndatopa nazo. Kasitomala walowa, mutu uli theka.

— Chabwino, mupereke moni kwa alamu ndi...

— Amva. Za mkwatibwizo usabwere nazo kuno, sindikufuna kuziona. Ndikaziona Loweruka pamodzi ndi anthu onse. Ndadula.