Mwana Wanga M'kalata Yawo Yopemphera Ndalama

Ambuye alemekezeke, abale ndi alongo. Ndati alemekezeke! Moni kwa abusa, moni akulu a mpingo, moni azimayi anzanga. Ine ndine Filomena, mumandidziwa. Sukulu sindinapiteko, ndiye ndikuyankhula ine, akulemba ndi mdzukulu wanga Enelesi, ndipo awerenga yekha pamaso panu ine nditaima pambali. Lemba zonse, iwe.

Ine ndinabwera kuno nthawi ya nkhondo, kuchokera kuseri kwa Milanje, kuwoloka pa Muloza wapansi. Ndinafika ndi mwana mmodzi wamkazi, mayi ake a Enelesiyu. Ndinatchola tiyi kuesiteti, dengu kumsana, mvula ikugwa, mpaka zala izi zinapindika. Mwana wanga uja atamwalira, Enelesi ndinalera ndine. Mutu anali nawo. Anapita kukoleji kutauni, nkubwera ndi digiri. Digiriyo inagona m'sutikesi zaka ziwiri, mwini wake akugulitsa zinanazi pasiteji pa Chitakale.

Kenako kukoleji kuja anamuitana kuti akaphunzire ntchito chaka chimodzi. Anatenga atsikana awiri, koma chaka chikatha atsale mmodzi. Ndinamufunsa, ntchito yanji? Akuti, "Anganga, timafufuza anthu amene anaphunzira pakolejipo kalekale, amene pano ndi mabwana. Timawalembera makalata, kuwaimbira foni, kuti asonkhe zothandizira ana amene akusowa fizi." Ine ndinati, "Ndiye kupemphatu kumeneko! Masiku ano kupempha kumafuna digiri?" Tinaseka. Ndinavina pabwalo, abale. Ndinavina ine wopusane.

Loweruka lina Enelesi anabwera pagalimoto ndi abwana ake, mayi wamagalasi, wonunkhira mafuta. Akuti kalata yawo ikufuna nkhani yeniyeni, anthu aone kumene ana osauka amachokera. Ine ndinali nditasesa, nditavala chitenje chatsopano ndi nsapato zakutchalitchi. Mayi uja anakana mpando, anakana thobwa. Akuti, "Agogo, simungavale zija mumapita nazo kumunda? Nsapatozo vulani." Nyumba yanga yamalata ili apo, koma anakandikhazika kukhitchini yakugwa ija, pafupi ndi khola la mbuzi. "Musaseke, agogo. Yang'anani kuphiriko." Ndinamuyang'ana Enelesi. Iye maso pansi. "Ingochitani anganga, ndi za kuntchito."

Atajambula, anayamba kundifunsa za nkhondo. Inu mukupadziwa pakamwa pangapa, sipatsekeka. Ndinanena zimene sindinauzepo munthu mumpingo muno. Ndinanena kuti pothawa ana ndinali nawo awiri. Wamng'onoyo, wamwamuna, anali kumsana, akutsegula m'mimba. Tsiku lachitatu, dzuwa lili pamutu, ndinamva kumsana kwazizira. Ndinamutsitsa. Anali atapita. Ndinakumba ndi kamtengo ndi manja angawa pansi pa mtengo wa mango, kumukulunga m'nsalu yanga, kukwirira, mfuti zikulira kumbuyo. Mayi uja anapukuta magalasi ake nati, "Nkhani yabwino kwambiri." Yabwino! Mwamva? Yabwino.

Patapita miyezi iwiri ndinapita kuchigayo ku Chinakanaka. Ndinapeza azimayi aunjikirana foni. Atandiona, anakodolana. Mmodzi ndiye anati, "A Filomena, mwatchukatu. Koma mtima muli nawo, eee." Kani mwana wa mlongo wina wamumpingo muno anaphunzira pakoleji pomwepo. Kalata ija anailandira pafoni, nkutumizira mayi ake. Chithunzi changa, mapazi ong'aluka, mbuzi pambali. Anandimasulira. Akuti gogo uyu anasiya khanda lake pansi pa mtengo kuti apulumutse mwana winayo. Zoti mwanayo anali atamwalira munalibe. Zoti ndinamukwirira munalibe. Munalibe, abale!

Inu mukudziwa ntchito yanga m'tchalitchi muno inali yotani. Mayi akamapita kukwaya, khanda amasiyira ndani? Ine. Ena muli apa ndi ndevu munandikodzerapo pamiyendo. Lamulungu lotsatira ndinatambasula manja kwa mtsikana wina amene ndinamuona akubadwa. Anamupanikiza mwana pachifuwa nkusamukira benchi ina. Dzina sinditchula, akudzidziwa. Pobwerera, ana panjira akuti, "Gogo wotaya mwana uyo!" Ana amazitenga kuti? Amazitenga pakamwa pa makolo.

Ndinasiya kubwera kuno. Miyezi inayi. Ndani anabwera kudzandifunsa kuti a Filomena, zinayenda bwanji? Palibe. Munakhulupirira foni kusiya ine amene ndakhala nanu zaka zonsezi, kuphika nanu pamaliro, kusenza nanu mchenga womangira tchalitchi lino.

Ndinabwereka foni kwa aneba ndikumuimbira Enelesi. Akuti, "Ine ndinalemba zonse, anganga. Abwana ndi amene anadula. Akuti kalata ikwane tsamba limodzi, komanso anthu amapereka msanga nkhani ikawawawa."

Ndinati, "Iwe unati chiyani?"

Ndinabwereza mokweza.

"Ndikufunsa iwe. Unati chiyani?"

"Ndinaopa ntchito, anganga."

Ndinamuuza kuti maliro anga asadzapondepo. Mawu amenewo anatuluka pakamwa panga, sindikubisa. Usalire apa, lemba. Kupemphera ndinasiya. Ndimati, Ambuye, munanditengera mwana kutchire ndinangokhala chete, lero mwalola amugulitse pakalata?

Koma Mulungu amayendera njira zake. Kalata ija akuti inakoka anthu ambiri. Mabwana anakonza phwando kuhotela la anthu amene anapereka, ndipo amafuna ine ndikaime kutsogolo, m'zovala zakumunda zomwe zija, anthu akudya nkhuku. Mayi wamagalasi anamuuza Enelesi kuti, "Ukabwera nawo agogo ako, ntchito ndi yako."

Lachinayi masana ndikusenda chinangwa pakhonde, ndinangoona munthu akubwera, sutikesi pamutu, matiresi m'khwapa. Ndinati, "Mwabwera kudzajambula mbuzi?" Enelesi anagwada pafumbi. Akuti anawauza abwana ake pamaso pa ofesi yonse kuti kalata ija ndi yabodza, atumize ina yokonza, ndipo anganga ake sapita kukaonetsedwa. Iwo anati zimene zatumizidwa zatumizidwa. Ntchito anapatsa mnzake uja.

Mukuganiza ndinamukumbatira? Ayi ndithu. Ndinamulalatira kaye! "Wasiya ntchito? Tiyi yense uja ndinatcholera chiyani? Dzina langa lapita, ntchito yapitanso, tsopano tatsala ndi chiyani?" Ndinalalata mpaka mawu anatha. Iye ali chigwadire. Kenako ndinaona kuti waonda, khosi langoti tsalala ngati la mayi ake. Ndinamupatsa mpeni ndikuti, "Senda, manja anga atopa." Tsiku limenelo tinapemphera awiri pakhonde pomwepo, ine koyamba m'miyezi inayi.

Lero moyo wathu uli chonchi. M'mawa Enelesi ali pa Chitakale ndi zinanazi zake. Masana amayenda ndi kope, kulemba mayina a anthu amene anaphunzira pasukulu ya pulayimale yamudzi muno, kuwapempha afolere kalasi imene denga linasasuka. Palibe amene amamulipira. Kalata ija ikadali m'mafoni mwanu, ena simunafufute, ndikudziwa. Mayi wamagalasi uja sindinamukhululukire. Abusa, sindinganame m'nyumba ya Mulungu. Ndikuyesa, koma ndikamva fungo la mafuta ngati ake mkwiyo umandibwerera. Mundipempherere.

Chimene ndikuthokoza Ambuye ndi ichi: anandibwezera mdzukulu wanga, ndipo andipatsa mphamvu yolowanso pakhomo ilo. Alemekezeke!

Tsopano mverani, poti nkhaniyi munaimva kale kwa anthu achilendo. Khanda langa lija dzina lake anali Zuze. Anali ndi mano awiri apansi, ndipo akamayamwa amandigwira khutu. Sindinamutaye. Ndinamuika m'manda ndekha, mayi wake. Palibe anamuimbira nyimbo kufikira lero. Inu akwaya, mawu muli nawo. Yambani, ine ndaima.