Makilomita 450 a M'kabuku

Tuva ankayendetsa galimoto yawo yatsopano yamagetsi kukwera phiri, chipale chofewa chitaunjikana uku ndi uku, diso limodzi pamsewu, lina pa Ylva, khanda lawo la miyezi inayi limene linali mtulo kumbuyo. Ubatizo wa mwanayo unali mawa lake kwa amayi ake a Tuva, ndipo mwamuna wake Sindre anali atangomuletsa kuima pamalo omaliza otchajira.

"Batire likuti latsala ndi makilomita 58," anatero Tuva. "Kwa amayi kwatsala 71."

"Likunama," anayankha Sindre, akutambasula kabuku ka galimotoyo pamwendo. "Apa alemba 450. Ife tayenda 260 basi."

"Ndiye enawo apita kuti?"

"Alimo. Sanatulukebe."

Tuva anasuzumira pagalasi. Kamphuno ka Ylva kanali kofiira, kapena mwina kanali kuwala chabe.

"57 tsopano."

"Taona, pansi apa pali timalemba," anatero Sindre, chala chikuyenda pamzere. "Akuti anaiyesa kukufunda madigiri 23. Panja pano ndi angati?"

"Khumi ndi asanu ndi atatu pansi pa ziro."

"Eya. Cholakwa ndi nyengo, si galimoto. Komanso anaiyesa chotenthetsa chili chozima. Tazimitsa."

"Sindizimitsa."

"Tuva, mwanayu amagona panja m'chikuku chake choyendetsera ana masana aliwonse. Dzulo lomweli unamusiya pakhonde maola awiri, chisanu chili tswa. Unati ndi mmene amagonera bwino."

"Pakhonde amakhala m'thumba la chikopa cha nkhosa. Pampando wake wa m'galimotowu anamwino anati asavale zokhuthala, lamba sagwira."

"Ndiye timuike m'chikuku."

"Chikuku chili m'bokosi la padenga."

Sindre anayang'ana kudenga nthawi yaitali ndithu. Tuva anamuyang'ana iyeyo mpaka Sindre anatsitsa maso.

"Sindinanene kanthu," anatero.

"54."

"Tadutsa makilomita awiri okha!"

"Ine ndikungowerenga."

"Chabwino. Akuti katundu naye amadya moto." Anatulutsa cholembera n'kuyamba kulemba pachikuto. "Bokosi la padenga, makilo makumi awiri, komanso limagwira mphepo. Chikuku, khumi ndi anayi. Tizisiye pamphepete apa, kuno palibe amene angatole. Keke ya ubatizo ija ndi makilo angati?"

"Ndaiphika masiku awiri."

"Sindikufunsa masiku. Nanga matewera onsewa? Mwana mmodzi?"

"51."

"Usiye kutchula. Ukuiopseza."

Kumbuyo Ylva anayetsemula kamodzi, pang'ono kwambiri. Tuva anawonjezera chotenthetsa, nambala ija n'kutsika pomwepo kufika 48. Sindre anagwira kabuku pachifuwa.

"Ukuona? Galimotoyi ilibe mlandu. Tikangochita zonse monga anachitira poiyesa, 450 ikwana. Anthuwa ndi ophunzira, sangalembe bodza."

Patsogolo panaoneka kanyumba kamatabwa kodikiriramo basi, nyali yake ikuyaka. Tuva anachepetsa liwiro.

"Sindre, iwe umalemera bwanji?"

"Makilo 96. Ndi nsapato, 98."

"Poiyesapo, m'galimoto munali anthu angati? Tawerenga."

Sindre anafufuza mosamala, milomo ikugwedera.

"Akuti woyendetsa yekha."

Tuva anaimika galimoto, n'kutambasula dzanja kumutsegulira chitseko.

"Anthuwa ndi ophunzira," anatero. "Basi ibwera folo koloko. Kabukuko utenge, uziwerenga podikira."