Chala Chimene Makina Ankakana

Moni abale ndi alongo mwa Ambuye, kuchokera kuno ku Senga Bay. Ine ntchito inatsala pang'ono kundithera chifukwa cha chala changa chomwe.

Ndimachapa zofunda pa loji ina yogona alendo. Chaka chatha abwana athu, mayi Phiri, anaika pageti makina odindapo chala pofika ndi poweruka. Akapanda kukuzindikira, ndiye kuti wajomba, tsikulo sulipidwa. Anzanga akadinda, kanyali kankayaka kobiriwira. Ine ndikadinda, kofiira. Ndinayesa zala zonse, kupaka mafuta, ngakhale kunyambita. Ndinkachita kusuzumira kuseri kwa makinawo kuti ndione amene akudana nane mkatimo.

Mwezi utatha, malipiro anabwera odulidwa. Nditadandaula, abwana anati, "Amayi, makina sanama. Zikachitikanso mwezi uno, tisiyana."

Zinandiwawa kwambiri, poti ana anga amadya manja omwewa. Zofunda zoti mbee pachingwe ankati amachapa ndani? Kunyumba ndinayerekeza zala zanga ndi za mchemwali wanga. Zake zinali ndi timizere, zanga zosalala ngati mbale. Kani sopo ndi mankhwala oyeretsera nsalu anali atatidya timizereto! Nditawafotokozera abwana, anangoseka. Ndiye ndinagwada: "Ambuye, timizereti munalemba ndinu, tilembeninso."

Sanatilembe. M'malo mwake kunabwera msonkhano waukulu, zipinda zonse zinadzaza, mnzanga wochapa naye n'kupita kumaliro ku Lifuwu. Aganyu anasowa. Abwana anamanga chitenje n'kugwira nane beseni sabata yonse, uku akudandaula msana.

Lolemba m'mawa tinakumana pageti. Iwo amakonda kuyamba kudinda kuti apereke chitsanzo. Anadinda, kofiira. Anapukuta chala pasiketi n'kudindanso, kofiira. Anayang'ana chalacho, kenako anayang'ana ine.

"Amayi, tandionetsani manja anu."

Anawagwira n'kuyerekeza zala zanga ndi zawo, zonse zosalala. Tsiku lomwelo anandibwezera zonse zimene anadula. Pano ochapafe timalowa ndi khadi, ndipo anatigulira magolovesi.

Ndikuthokoza Yesu. Inu amene mukukhetsa thukuta koma akuti simunabwere, musaleke kufunsa malipiro anu, musalekenso kupemphera. Mpaka lero ndimadabwa nawo mayankhidwe a Mulungu. Ine ndinapempha kuti andibwezere timizere tanga, Iye anaona kuti chachangu n'kufufuta ta abwana.