Achimwene Ali M'galimoto

Wendell Kroeker anayendetsa galimoto maola asanu ndi awiri, awiri omalizawo pamsewu wamiyala, kuti akafike pachipata cha paki ya boma ya Tamarack Gap. Pampando wa pambali pake anamangirirapo ndi lamba bokosi losungira mbedza, ndipo m'menemo munali phulusa la mtembo wotenthedwa wa mkulu wake Arlo, amene anamwalira mu Malichi atasungitsa kale malo omangapo tenti kuno. Chichokereni kumaliro, Wendell anali asanatchulepo mawu akuti "anamwalira", ndipo sanafune kukayambira kwa munthu wosamudziwa.

Anaimika galimoto pansi pa mtengo n'kupita kukanyumba ka pachipata. Anapezamo mayi wamfupi wa chipewa chachikulu, woyang'anira pakiyo, dzina lake pachifuwa: Ostrander. Wendell atatchula nambala ya malowo, mayiyo anayendetsa chala m'buku.

"Malo achisanu ndi chinayi alembedwa Arlo Kroeker. Ndinu?"

"Ndine mng'ono wawo."

"Lamulo likuti mwini dzina akhalepo."

"Alipo."

"Kuti?"

"M'galimoto."

Mayi Ostrander anatulutsa mutu pawindo, anaphimba maso ndi dzanja, n'kuyang'anitsitsa. "Sindikuwaona."

"Achepa thupi masiku ano," anatero Wendell, ndipo iye mwini anamva kupusa kwa mawuwo akanali m'kamwa.

"Auzeni atsike adzasaine pepala lochenjeza za zimbalangondo."

"Satsika."

"Akudwala?"

"Matenda anatha."

"Ndiye agona?"

"Kwambiri."

"Kawadzutseni."

"Anthu anayesapo, mayi."

Mayiyo anaika cholembera pansi. Anafotokoza mwachifatse, ngati akuwerenga chikwangwani, kuti kusiya munthu wachikulire m'galimoto yotseka mawindo masana otentha chonchi n'koopsa, ndipo kuti chipatala chapafupi chili pa mtunda wa maola atatu. Wendell anayankha kuti achimwenewo anadutsa kale m'kutentha koposa kumeneku ndipo sanadandaule. Akanatha kungonena zoona pomwepo. Koma lilime linakana, ndipo akamazemba m'pamenenso ankamira.

"Kuchokera poimika magalimoto kukafika pamalo anu ndi mailosi awiri, chitunda chokhachokha," anatero mayiyo. "Munthu wosatsika m'galimoto akafikako bwanji?"

"Ndiwanyamula."

Mayi Ostrander anamuyang'ana kuyambira kudazi mpaka ku bondo lomanga ndi nsalu. "Inuyo?"

"M'khwapa."

"Munthu wamkulu, m'khwapa."

"Sakulemera. Chikwama cha tenti chikuwaposa."

"Lero adya?"

"Ayi."

"Dzulo?"

"Anasiya."

Dzanja la mayiyo linayamba kupapasa pathebulo kulondola wailesi yolankhulira. Anafunsa kuti atuluka liti m'pakimo, Wendell n'kunena kuti Lamlungu m'mawa. Anafunsanso ngati adzatuluka onse awiri.

"Ndekha," anatero Wendell.

"Nanga iwo?"

"Ndiwasiya kumtsinje."

"Okha?"

"Ndi zimene anapempha. Pamunsi pa mathithi, pamene madzi amazungulira."

"Amatha kusambira?"

"Sindikufuna kuti ayandame, mayi. Ndikufuna apite."

Wailesi inali kale pakamwa. Mayi Ostrander anapempha kuti amulumikize ndi apolisi a m'tauni, maso ake osachoka pa manja a Wendell. Apa m'pamene Wendell anadziona bwinobwino: nkhalamba ya zaka makumi asanu ndi limodzi kudza zisanu ndi zitatu, imene moyo wake wonse sinapatsidweko ngakhale chindapusa cha pamsewu, ikukagona m'chitokosi chifukwa choopa mawu amodzi. Arlo akanakhala moyo akanaseka mpaka kutsamwa.

Anakweza dzanja kuti mayiyo adikire. Anatsimphina kupita kugalimoto, anamasula lamba, n'kubwera atalikumbatira bokosi lija. Analiika pawindo pang'onopang'ono.

Mayiyo analiyang'ana. "Kuwedza nsomba kumafuna chiphaso china."

"Mulibe mbedza umu," anatero Wendell. "Arlo anamwalira, mayi. Ali umu."

Mawuwo anatuluka opyapyala, ngati si ake. Anayembekeza kuti china chake chigwa, koma panalibe chinagwa. Mphepo inkangowomba m'mitengo, ndipo pawailesi munthu wina ankafunsa kuti kwagwanji. Mayi Ostrander anamuuza kuti palibe vuto, n'kuzimitsa. Anavula chipewa chija nachiika pachifuwa. Anakhala choncho kwa kanthawi, ndipo Wendell anapukuta mphuno ndi mkono wa malaya, akuyang'ana kuphiri.

"Ndiye ndibwerere," anatero Wendell. "Malo si anga, ndamva."

Mayiyo anavalanso chipewa, anatsegula buku la malamulo, n'kuwerenga ndime ija kawiri, milomo ikugwedera. Anatembenuza tsamba kuona ngati ikupitirira kuseri. Sinapitirire. Anapeza ndime ina ya phulusa, imene inkangofuna kuti athire kutali ndi potunga madzi akumwa, ndipo anamuonetsa ndi chala.

"Pano alemba kuti mwini dzina akhalepo," anatero. "Sanalembe kuti akhale bwanji."

Anatenga cholembera, nachonga pa dzina la Arlo, kenaka anamukankhira Wendell pepala la zimbalangondo kuti awasainire.

"Bambo Arlo Kroeker afika, alowe. Inuyo ndakulembani kuti ndinu mlendo wawo, ndipo mlendo saloledwa kukangana pachipata."