Yofiira Kapena Yotuwa

Pamalo ogulitsira galimoto zakale, bambo wina wa tayi anaima pakati pa galimoto ziwiri, yofiira ndi yotuwa. Mkulu wina wovala ovolosi, amene ankangodutsa, anamuyandikira.

"Mukufuna kugula, achimwene?"

"Eya. Ndapuma pantchito ya uphunzitsi, ndipo mayi akunyumba atopa ndi kupanikizana m'minibasi. Wogulitsayu akuti zonse ziwiri ankayendetsa abusa, Lamlungu lokha."

"Abusa amenewo ndiye anali ndi galimoto! Bwalo lonseli n'lawo. Mverani ine. Yotuwayi imamwa petulo ngati yasiyidwa ukwati, koma imakufikitsani kumene mukupita."

"Nanga yofiirayi?"

"Iyi petulo siitha n'komwe. Ingathe bwanji ili chiimire? Koma mipando yake ndi yofewa, mumadikira okukankhani mutakhala bwinobwino."

"Ndiye nditenge yotuwa eti?"

"Ayi, ayi, tengani yofiira! Mayi akaiona avina, aneba ayamba kukupatsani moni."

"Koma inu mukuidziwa bwanji chonchi?"

"Ndine makaniko, bambo. Eni ake atatu apitawo onse anasanduka abale anga. Ana anga anayi akula ndi galimoto imeneyi, ndipo wachisanu ali m'njira. Lembani nambala yanga musanailize."