Chiwilo Chinaima Tili Pamwamba

Abusa ndi amayi busa, akulu a mpingo, abale ndi alongo nonse, moni m'dzina la Ambuye Yesu. Ndaimirira pano chifukwa ndili ndi umboni, ndipo sindingaukhalire chete. Kwa amene simundidziwa, ndine amake Tamara wa ku Kanakantapa, kumene timalima tomato ndi repu.

Ambiri mukudziwa kuti amuna anga, atate ake a Tamara, ali ndi matenda akugwa. Chaka chathachi chinatipweteka. Anagwa kudimba, anagwa pafupi ndi mbaula, tsiku lina anagwa m'minibasi anthu n'kumawathawa, ati akawakhudza atengera. Koma atawasinthira mankhwala kukiliniki, miyezi inapita osagwa. Ndiye m'mawa wa chaka chatsopano anandiuza kuti, "Amake Tamara, chaka chino nifuna tiyambe na kuseka. Tiyeni tipeleke bana ku boma."

Ku boma kuno, anthu a ku Lusaka anali atabweretsa zosangalatsa pabwalo. Nyimbo zinali phokoso, ana akudumpha m'chinyumba chopopa mpweya, fungo la tchipisi ponseponse. Pakati panali chiwilo chachitsulo, chachitali kuposa mtengo wa bulugamu, chokhala ndi timipando tolendewera tokwera anthu awiriawiri. Tamara ndi mlongo wake wamng'ono anakwera, natsika akuseka. Pamenepo atate awo anati, "Manje tikwele ise."

Ndinakana. Ndinati, "Imwe, na matenda yanu?"

Anandiyang'ana nati, "Nalema kukhala munthu woletsedwa vonse. Njinga mwaniletsa, ku mtsinje mwaniletsa. Lelo chabe."

Amayi anzanga, mukudziwa mmene mtima umachitira munthu wako akalankhula choncho. Ndinakwera nawo.

Ulendo woyamba tinazungulira bwino. Iwo ankaseka ngati mwana, kundilozera minda ya chimanga kubiriwira mpaka kutali. Titafikanso pamwamba penipeni, malaiti anapita. Nyimbo zinati zii, chiwilo chinaima. Kumbali ya ku Chalimbana kunali kutada ndi mitambo, mphepo n'kuyamba. Pansi ndinaona eni chiwilo akuthamangira ku jenereta. Anakoka chingwe, anakokanso, jenereta ingotsokomola n'kusiya.

Pamenepo ndinamva dzanja la amuna anga likuuma m'dzanja langa. Analira kulira kuja kumene ife owadwazika timakudziwa. Maso anatembenuka, thupi linayamba kugwedezeka, kampando konse n'kumapita uku ndi uku.

Abale, akagwa pansi ndimadziwa chochita. Ndimachotsa zowapweteka, ndimawagoneka chammbali, ndimadikira. Koma kumwamba kuja kunalibe powagoneka. Chotitchinga chinali kachitsulo kamodzi kodutsa pamwamba pa ntchafu, ndipo iwo anayamba kutsetserekera kunsi kwa kachitsuloko. Mukuwadziwa thupi lawo, si munthu wopepuka. Miyendo yawo inatuluka, n'kumalendewera m'malere.

Ndinagwira lamba wa thalauzi lawo ndi dzanja limodzi. Ndi linalo ndinamasula chitenje m'chiuno mwanga, ndinachipisa m'khwapa mwawo, ndinachikulunga kuchitsulo cha kumsana, mfundo n'kumanga ndi mano. Mutu wawo unandimenya pakamwa, ndinamva magazi. Mvula inafika. Mphezi inang'anima, ife tili pachitsulo, pamwamba kuposa chilichonse pabwalo lonselo.

Ndinamva mawu a Tamara pansi akukuwa, "Atate badwala, thandizani atate." Anthu anangoyang'ana kumwamba, ena atakweza mafoni kutijambula.

Ndinapemphera, koma musaganize kuti linali pemphero lokonzeka ngati la pano. Mawu onse anandithawa. Anatsala awiri okha: Yesu, gwirani. Yesu, gwirani. Nsapato yawo imodzi inavuka, ndinaiona ikutsika, ikutsikabe, mpaka inakagwera padenga la malata la ogulitsa zakumwa. Ndinati mumtima, umu ndi mmene ati agwere munthuyu, ana ake akuona. Chitenje chinayamba kung'ambika m'mphepete. Dzanja langa linachita dzanzi, sindinkadziwanso ngati ndagwirabe kapena ndasiya. Mantha amene ndinali nawo, abale, sindinawaonepo, ngakhale pobereka.

Mulungu anatumiza mayi wina wootcha chimanga. Sindimudziwa, dzina lake sindinalimve. Anasiya mbaula yake pamvula, nayamba kukalipira amuna amene anaima pamenepo. "Muyembekeza chani? Jeneleta yafa. Gwilani chiwilo na manja." Anawakoka malaya mmodzimmodzi. Mwini chiwilo anamasula buleki, wina anathamanga kukatenga chingwe pa lole yake, amuna aja anagwira. Anthu osadziwana, ena atamwa kale mowa wa chaka chatsopano, anakoka pamodzi m'matope.

Chiwilo chinasuntha. Chinkapita pang'ono n'kuima kuti a pakampando kapansi atsike, ndipo chikaima chinkatigwedeza, chitenje n'kung'ambikanso. Nthawi imeneyo amuna anga anali atasiya kugwedezeka. Anangoti lobodo, mutu pachifuwa panga. Apa mpamene ndinaopa koposa, chifukwa ndi mvula ija sindinkatha kumva ngati akupuma. Ndinkawaitana, "Atate ake Tamara, atate ake Tamara," osayankha.

Titafika pansi, mfundo inakana kumasuka, anachita kudula ndi mpeni. Zala zanga nazo zinakana kusiya lamba. Tamara ndiye anazitambasula akulira, amvekere, "Amama, siyani, mwafika." Bambo wina anatinyamula pa galimoto yake mpaka kuchipatala. Chakumadzulo amuna anga anatsegula maso, anayang'ana denga, anayang'ana ine, nafunsa kuti, "Bana badya?" Sankakumbukira chilichonse.

Zaka zonse chaka chikamayamba ndimakhala ndi mapulani anga, za feteleza, za kufolera nyumba. Chaka chino ndachiyamba ndikudziwa kuti moyo wa munthu ungalendewere pa nsalu yonyowa. Sindinama pamaso panu, mantha sanandichoke. Ndikatseka maso ndimamvabe kampando kaja kakugwedezeka. Matendanso sanathe, tikumwabe mankhwala, ndipo za miyezi ikubwerayi sindikuzidziwa. Chimene ndikudziwa n'chakuti pamene dzanja langa linafa dzanzi, panali dzanja lina limene silinasiye.

Sabata ino mukanabwera kwathu kudzakhuza maliro. M'malo mwake munthuyo ndi uyo, wakhala kumbali ya azibambo. Atate ake Tamara, taimirirani akuoneni.

Zikomo Ambuye. Zikomo abusa pondipatsa mpata. Mundipempherere mayi uja wa chimanga kulikonse kumene ali. Ine mawu andithera, abale. Amayi, imbani nthungululu m'malo mwanga, azibambo ombani m'manja, tikondwere pamodzi, chifukwa ana anga alowa chaka chino atate awo ali moyo. Amen.